Chinkhwe wa M'kachipinda Kagalasi

Ntchito ya Chinkhwe inali yobwereketsa pakamwa. Ankakhala m'kachipinda kagalasi kumbuyo kwa holo, mahedifoni kumutu, maikolofoni patsogolo, ndipo chilichonse chimene mlendo wanena m'chilankhulo chakwawo, iye ankachitembenuza nthawi yomweyo n'kuchithira m'makutu mwa aphungu. Lamulo la ntchitoyo linali losavuta kulitchula: mlendo akati "ine", womasulira nayenso amati "ine". Suwonjezera, suchotsa, sukometsa. Umangodzitchula wekha ngati walakwitsa, ndipo pamenepo umati, "Womasulira akukonza."

Dzina loti Chinkhwe anamupatsa ndi mkazi amene ankamukonda. Anzake a kuntchito analitola osadziwa kumene linachokera.

Mkaziyo anali m'holo momwemo, mzere wachiwiri, pafupi ndi zenera. Kale anali mphunzitsi. Pa chisankho chapitacho anthu anamuvotera, ndipo tsopano anali phungu watsopano m'komiti ya zachitetezo. Aliyense ankamutcha Olemekezeka, koma Chinkhwe, akakhala awiri, ankamutchabe Ticha.

Chibwenzi chawo chinali chobisa. Nyumba ya Malamulo sinkalola wantchito kulowa m'misonkhano yotseka ya komiti ngati ali pa ubale ndi phungu wa komitiyo, choncho anagwirizana zodikira kaye mpaka maphunziro a aphungu atsopano atatha. Mphete imene Chinkhwe anamupatsa, Ticha sankaivala pachala. Anaikoloweka pa katcheni kopyapyala n'kumaibisa mkati mwa bulauzi. Dzuwa likalowa pazenera, katcheniko kankang'anima pang'ono pakhosi, ndipo Chinkhwe akakaona ali kuseri kwa galasi, mtima unkakhala m'malo.

Maphunzirowo anakonzedwa ndi mgwirizano wa mayiko amene analonjezana kuti limodzi likaputidwa, ena onse alithangate. Aphungu ankafunika kudziwa zimene mgwirizano wotere umafuna kwa dziko, komanso mmene anthu osankhidwa amagwirira chingwe cha anthu amfuti: ndani amavomereza bajeti ya asilikali, ndani amaloleza kuti ana a eni atumizidwe kunja, ndani ali ndi ufulu wofunsa mkulu wa asilikali mpaka kumutulutsa thukuta. Amene ankaphunzitsa zambiri anali msilikali wochokera kulikulu la mgwirizanowo, munthu wamtali, wa imvi zochepa m'mbali mwa mutu, nyenyezi zili ndandanda pamapewa. Aphungu anangomutcha Wanyenyezi.

Vuto linayamba ndi nthabwala. Wanyenyezi ananena kuti iye saopa mizinga, amaopa phungu amene wawerenga bajeti mpaka tsamba lomaliza. Chinkhwe anaitembenuza bwino nthabwalayo, anaigwetsa pa nthawi yake, holo yonse n'kufa ndi phwete. Ticha anaseka mpaka kugwira pachifuwa. Koma sanacheuke kumbuyo kumene mawuwo anachokera. Maso ake anali pa Wanyenyezi.

Mawu ndi anga, anaganiza Chinkhwe, koma kumwetulira kukupita kwa wina.

M'kachipindamo sankakhala yekha. Ankasinthana maikolofoni ndi mayi wina wokhalitsa pa ntchitoyo, amene Chinkhwe ankamutcha Apongozi, chifukwa mayiyo ankakonda kumuopseza kuti akapitiriza umbeta amupatsa mwana wake wamkazi mwaulere. Apongozi anadina batani lotsekera mawu n'kumugunda ndi chigongono.

"A mkamwini, galasilo mulibowola ndi maso. Kutsogoloko kwagwa chiyani?"

"Ndikuwerenga milomo ya mlendo, Apongozi."

"Mlendo wakhala pamzere wachiwiri liti?"

Chinkhwe anamwa madzi.

Pa nthawi ya tiyi anaona Ticha ndi Wanyenyezi ataima kumapeto kwa khonde, pamene panali mphika wamaluwa waukulu. Panalibe womasulira pakati pawo. Ticha ankalankhula motsitsa, akusewera ndi supuni m'kapu, Wanyenyezi atawerama pang'ono kuti amve bwino. Kenako msilikaliyo ananena kanthu, Ticha n'kubisa nkhope m'dzanja ngati mtsikana wa sukulu.

Chimene chinamudya Chinkhwe n'chakuti Ticha sankadziwa chilankhulo cha alendowo. Anayesapo kamodzi kokha, chibwenzi chitangoyamba, kumupatsa moni m'chilankhulocho, ndipo Chinkhwe anaseka mpaka kugwera pampando, tsiku lonse akumuyeseza. Kuyambira pamenepo Ticha sanayesenso. Ndiye anthu awiri osamvana chilankhulo akaima nthawi yaitali chotero, tiyi mpaka kuzizira, amakhala akumvana bwanji?

Chinkhwe anamupeza Ticha masana pa masitepe akumbuyo, amene ankadutsa okonza m'zipinda okha.

"Olemekezeka akusowa masiku ano."

"Olemekezeka ali pa ntchito ya dziko. Iwe Chinkhwe, wadya koma?"

"Mumakambirana chiyani ndi uja?"

"Uja ndani? Anthu ali ndi maudindo awo, usamati uja."

"Wa nyenyezi zake zija ngati wanyamula thambo."

Ticha anaseka, n'kumukonza kolala ya malaya. "Zachitetezo. Ndinalumbira, sindingaulule."

"M'chilankhulo chanji?"

Apa Ticha anayang'ana kumbali, ndipo Chinkhwe anakuona kuyang'ana kumbaliko. "Cha manja," anatero. "Dikira tsiku lomaliza, udzamva zonse. Bwerera m'khola mwako asanakusowe."

Pochoka anakhudza katcheni kapakhosi kaja ndi chala. Zimenezo zinamukwanira Chinkhwe masana amenewo okha.

Masiku otsatira Ticha anakhala phungu wa mafunso. Anafunsa ngati dziko lingakane pamene mgwirizano wapempha asilikali. Anafunsa amene amalamula asilikaliwo akafika kunja, mkulu wakwawo kapena wa mgwirizano. Anafunsa chifukwa chimene mtengo wa ndege zankhondo umabisidwira kwa anthu amene misonkho yawo imagula ndegezo. Funso lililonse, Wanyenyezi ankayamba wamwetulira, kenako n'kunena kuti, "Funso labwino kwambiri, Olemekezeka." Ndipo amene ankayenera kumunong'oneza Ticha mawu amenewo m'khutu, mobwerezabwereza, anali Chinkhwe. Ankamva ngati akunyamulira mnzake maluwa kupita nawo kwa mkazi wake yemwe.

Anayamba kuwaumitsa mawuwo. Sankachotsa kanthu, koma ankawatula ngati matumba a simenti.

"Munthuyo akuseka, inu mukulengeza maliro," Apongozi anamuuza. "Mukudwala m'mimba?"

"Ndatopa chabe."

"Kutopa kwake kumeneko ndikukudziwa. Kumayamba akaimika dzanja mayi a pazenera aja."

Madzulo akaweruka, Chinkhwe ankayenda pansi osakwera basi, akudzizunza ndi zithunzi za m'mutu. Ankaona Ticha akutsika ndege m'dziko lozizira, atavala chikhothi chachitali, Wanyenyezi akumudikira ndi ambulera. Ankawaona akuyenda m'misewu imene iye anangoiwerenga m'mabuku ophunzirira chilankhulo. Choseketsa n'chakuti ngakhale m'malotowo iye ankakhalamo, akuwatsatira kumbuyo ndi mahedifoni, akumasulira.

Tsiku lomaliza linali la msonkhano wotseka. Pakhomo anaikapo chipata cha makina, ndipo mafoni, mawotchi, makiyi ndi zina zotero zinkatsala m'timakabati ta pakhonde. Omasulira analowa m'mawa, aphungu asanafike. Chinkhwe anapukuta galasi ndi mpango, anakonza maikolofoni, n'kumadikira.

Ticha analowa limodzi ndi Wanyenyezi. Msilikaliyo anamukokera mpando wa kutsogolo, pakuti tsikulo Ticha ndiye anasankhidwa kukhala wapampando. Dzuwa linalowa pazenera monga mwa masiku onse, linamuwalira pakhosi, ndipo panalibe chong'anima.

Katcheni kaja kunalibe.

Chinkhwe anayandikira galasi mpaka mpweya wake unalichititsa nthunzi. Khosi linali lopanda kanthu. Ndiye zimene ankati adzamva tsiku lomaliza zinali zimenezi?

Phunziro la tsikulo linali sewero. Wanyenyezi anakhala pampando wa mboni ngati mkulu wa asilikali amene watumiza gulu lankhondo kukathandiza dziko la mumgwirizano osadikira Nyumba ya Malamulo. Aphungu anayenera kumufunsa monga mmene adzafunsire zikadzachitika zenizeni. Pakati pawo panali bambo wina wamkulu amene anzake ankamutcha Chibakera, chifukwa sankatha kunena mfundo osamenya tebulo. Iye kuyambira tsiku loyamba ankanena kuti migwirizano yotereyi imabwera ndi tiyi ndi mabisiketi koma mapeto ake imameza dziko.

Maikolofoni inali kwa Chinkhwe pamene Ticha anafunsa funso lake.

"Ana amene munawatumiza aja ali ndi amayi awo. Amayiwo anavotera ife, sanavotere inu. Munapempha chilolezo kwa ndani?"

Chinkhwe analipereka funsolo kwa mlendo monga linalili. Wanyenyezi anaika dzanja pachifuwa, n'kumuyang'ana Ticha m'maso. Anayankha modekha, ndipo Chinkhwe anamva liwu lililonse bwinobwino. Msilikaliyo anati sanapemphe kwa aliyense, ndipo analakwa. Anati mgwirizano sungatenge ngakhale msilikali mmodzi dziko lake lisanavomere. Kenako anawonjezera, mawu atafewa, kuti akanakhala msilikali wa dziko limeneli, bwenzi akugona tulo tabwino podziwa kuti mayi ngati ameneyu akumuyang'anira.

Tulo tabwino. Mayi ngati ameneyu. Khosi lopanda tcheni.

Chinkhwe anatsegula pakamwa, ndipo zimene zinatuluka zinali zina.

"Sindinapemphe kwa aliyense, ndipo sindifunika kutero. Nkhani za nkhondo si za anthu a choko ndi bolodi. Mgwirizano ukalamula, inu ntchito yanu ndi kuvomera basi."

Pompo tebulo linalira.

"Mwamva?" anakuwa Chibakera ataimirira. "Ndimanena ine, inu mumati mkuluyu wakalamba! Si sewero limeneli, watulutsa za kumtima! Anthu a choko ndi bolodi? Ife?"

Aphungu ena anavula mahedifoni n'kuwaponya patebulo. Wina ankafunafuna jekete lake, akunena kuti akauza Nyumba yonse kuti mgwirizanowu aukane usanawalowe m'nyumba. Wanyenyezi anali chikhalire, dzanja likadali pachifuwa, akuyang'ana uku ndi uku ngati munthu amene wapereka moni n'kulandira mbama.

Apongozi anamenya batani lotsekera mawu. Ulemu wa nthabwala uja unatheratu.

"Iwe! Wachita chiyani?"

Chinkhwe anangoyang'ana kutsogolo kwa holo.

Mwa aphungu onse, Ticha yekha ndiye sanaimirire. Anagogoda tebulo kuti anthu akhale chete, anavula mahedifoni ake pang'onopang'ono, n'kutembenukira kwa Wanyenyezi. Ndipo analankhula naye m'chilankhulo cha alendo.

Mawu ake ankapunthwa. Ena ankawatchula mokhota, ena ankaima kaye kuwafunafuna m'mwamba. Koma anali omveka. Anapempha mlendoyo kuti abwereze yankho lake mosathamanga. Wanyenyezi anabwereza, Ticha akugwedeza mutu pa chiganizo chilichonse. Chinkhwe ankamva zonsezo m'mahedifoni mwake, ndipo anazindikira nthawi imodzi zimene zinkachitika pafupi ndi mphika wamaluwa uja, tiyi akuzizira.

Kenako Ticha anachita chimene sanachite chiyambire maphunzirowo. Anacheuka, n'kuyang'ana kachipinda kagalasi. Anavalanso mahedifoni, anakokera maikolofoni pafupi.

"Wapampando akudikira womasulira," anatero.

Aphungu onse anatembenuka kuyang'ana kumbuyo, ena mwina koyamba kudziwa kuti kuseri kwa galasilo kumakhala anthu.

Apongozi ananong'ona, chala chili pa batani. "Ndinene kuti mawaya anasokonekera? Anthuwa sangadziwe."

Anthuwo sakanadziwa, zoona. Koma mmodzi ankadziwa, ndipo ankamuyang'ana osaphethira. Chinkhwe anachotsa chala cha Apongozi pa batanipo mwaulemu.

"Womasulira akukonza," anatero. "Zimene munamva poyamba sananene mlendoyu. Ananena ndi womasulira, ndipo sikunali kuphonya kwa khutu. Yankho la mlendo ndi ili."

Analinena lonse. Anati ine ndinalakwa. Anati mgwirizano sungatenge ngakhale msilikali mmodzi dziko lisanavomere. Atafika pa mawu omaliza aja anafuna kuwameza, koma anawapereka ndi kufewa kwake komwe, monga mwini wake anawanenera: ndikanagona tulo tabwino podziwa kuti mayi ngati inu akundiyang'anira.

Chibakera anakhala pansi pang'onopang'ono, akupukusa mutu.

"Ndiye tiyambe tayang'anira a m'magalasiwa tisanafike kwa amfuti," anadandaula, ndipo ena anaseka, kuseka kwa anthu amene angotsala pang'ono kuchita manyazi. Apongozi anakokera maikolofoni kwa iwo n'kumaliza okha msonkhano wonsewo.

Anthu atatuluka, Chinkhwe anamupeza Ticha pa timakabati ta pakhonde. Ticha anatsegula kake osamuyang'ana. Anatulutsa foni, anatulutsa makiyi, anatulutsa wotchi. Pomaliza anatulutsa katcheni, mphete ikulendewera.

"Makina a pakhomo aja amalira," anatero. "Ukanakonda mlonda aitulutse m'bulauzi pamaso pa komiti yonse?"

Chinkhwe anayang'ana dzanja lake lomwe, pamene panalibe wotchi kuyambira m'mawa. Anafuna nthaka imumeze.

"Ticha..."

"Usanditche choncho pano. Anthu a choko ndi bolodi, eti? Msilikali uja sadziwa n'komwe kuti ndinali mphunzitsi. Ndinangomva mawu amenewo ndinadziwa mwini wake, ndisanaganize n'komwe za zimene ndinamva ndi khutu linalo kuchokera pakamwa pa mlendoyo."

"Bwanji sunandiuze kuti ukuphunzira?"

"Kuti ugwerenso pampando?" Anamuyang'ana tsopano, ndipo m'maso mwake munali misozi yaukali. "Ndakhala ndikudzuka m'mawa kulimbana ndi chilankhulo chimenechi kuyambira tsiku limene anandiika m'komiti. Lero ndimafuna tikatuluka muno ndipite kwa mlembi wamkulu wa Nyumba, ndikamuuze za ife, mphete ili pachala. Ndimadziwa kuti akuchotsa m'misonkhano yanga n'kuikamo wina. Ndiye ndimati, munthu wofunsa asilikali sangamangodalira makutu obwereka. Ndimaopa pakamwa pa munthu wosamudziwa. Sindimadziwa kuti pakamwa poti ndiziopa ndi pako."

"Ndiye uja..."

"Aja ankangomvetsera ndikulakwitsa, osaseka. Basi. Ali ndi zidzukulu, amandionetsa zithunzi mpaka kutopa nazo."

Chinkhwe anafuna kunena kuti ankaopa kumutaya, kuti galasi lija limakulitsa zinthu, kuti munthu sangathe kunong'oneza mkazi wake mawu okoma a mwamuna wina tsiku ndi tsiku mutu osazungulira.

"Kwa mlembi ndipitabe," Ticha anapitiriza. "Akafunsa chifukwa chimene womasulira anachitira zimenezi, ndipo sindinama. Ukakhala ndi mwayi akubweza kukamasulira mapepala."

"Nanga ife?"

Ticha anamasula katcheniko. Anasolola mphete, anatenga dzanja la Chinkhwe, n'kuiika pachikhatho. Inali yozizira, poti inakhala m'kabati tsiku lonse. Kenako anavala katcheni kopanda kanthuko, ndipo ulendo uno sanakabise. Anakasiya pamwamba pa bulauzi.

"Iyo sunga. Aka ndisunga ine."

"Mpaka liti?"

"Sindikudziwa, Chinkhwe. Mpaka nditasiya kudzifunsa ngati zimene ukundiuza ndi zimene zanenedwadi."

Anatenga chikwama chake n'kumapita. Pakhomo lalikulu alendo ankatsanzikana ndi aphungu, galimoto ikuwadikira panja. Chibakera anali atagwira dzanja la Wanyenyezi ndi manja awiri, akuligwedeza ngati akufuna kulizula. Ticha atafika, anatsanzika m'chilankhulo chija. Anafuna kunena kuti ayende bwino, koma liwu lina analikhotetsa. Wanyenyezi anamukonza mofatsa, Ticha anabwereza, onse awiri n'kumwetulira.

Chinkhwe anamva zonse ali pa timakabati paja. Kanjira kosavuta kokumbukirira liwu limenelo ankakadziwa, kabwino kuposa ka msilikaliyo, ndipo kanali kale pa lilime. Nsanje inamulasanso pomwe paja, mwina kuposa poyamba, poti tsopano ankadziwa chenicheni chimene anamulanda: m'mawa monse muja, kupunthwa konse kuja, kubisa nkhope m'dzanja kuja, zikanakhala zake.

Anatseka pakamwa, anafumbata mphete ija mpaka inayamba kutentha, n'kubwerera m'holo kukathandiza Apongozi kukulunga mawaya.